Tchaja ikuti mabatire ali bwino, modi ikuti afooka, TC nayo ikupsereza thonje: vuto lili pati?

Funso

Ndinasiya ndudu n'kuyamba vepu, ndipo ndili ndi modi (chida cha vepu chomwe chimasunga mabatire ndi kupereka moto ku thanki) yolowa mabatire awiri a saizi ya 18650. Pamabatirepo panalembedwa 3000mAh, ndipo ndakhala nawo chaka ndi theka, ndikutchaja pafupifupi tsiku lililonse. Masiku ano sakundifikitsanso madzulo, ndipo ndikaika mawati 70 modi imalemba kuti batire lafooka pomwe kachizindikiro kakuonetsa kuti moto udakali pa theka. Ndinabwereka tchaja yoyeza: lina linaonetsa 2710mAh, linzake 2380mAh. Kodi anandigulitsa achinyengo kapena angokalamba? Chachiwiri, ndayesa TC (njira yomwe modi imaletsa kutentha kupitirira madigiri omwe waika) ndi koyilo (waya wotenthetsa madzi a vepu omwe ali mu thonje) ya chitsulo cha SS316L ya 0.25 ohm. Tsiku lina nthunzi imachita kuperewera, tsiku lina thonje limapserera, chonsecho madigiri sindinasinthe. Ndikulakwitsa pati?

Yankho

Achimwene, mabatire anuwo sakuoneka ngati achinyengo. Batire lachinyengo silingapereke 2710mAh litagwira ntchito tsiku ndi tsiku kwa chaka ndi theka. Akalamba basi, koma akalamba mosiyana, ndipo pa modi ya mabatire awiri kusiyanako ndi kumene kumavuta kuposa ukalamba weniweniwo. Kumbali ya TC, madigiri omwe simunawasinthewo alibe mlandu. Chomwe chikusuntha ndi poyambira pomwe modi imawerengera madigiriwo. Mukaonetsetsa, mavuto anu awiriwa gwero lake ndi limodzi: tizigawo tating'onoting'ono ta ohm, tomwe tchaja sinathe kutiona ndipo sikirini ya modi kawirikawiri imatibisa.

Tiyambe ndi nambala zomwe tchaja inakupatsani. Kampani ikalemba 3000mAh imakhala itayeza motsata ndondomeko yomwe inalemba pa datasheet yake, pepala lofotokoza za batirelo: batire latsopano, lodzazidwa mpaka mavoti 4.2, m'chipinda cha madigiri 23 mpaka 25 a Celsius, kenako n'kulikhetsa moto pang'onopang'ono pa 0.2C kufikira litatsika pa mavoti 2.5. Pa batire la 3000mAh, 0.2C ndi maampu 0.6 okha, ndipo ntchitoyo imatha maola asanu. Matchaja ambiri oyeza, monga Opus BT-C3100 ndi LiitoKala Lii-500, amaleka kukhetsa batire likafika pa mavoti 2.8, ndiye kamoto kotsala pakati pa 2.8 ndi 2.5 sikalowa m'chiwerengero. Ochepa okha, monga SkyRC MC3000, ndi omwe amakulolani kusankha nokha polekezera. N'chifukwa chake ngakhale batire longochoka kumene m'katoni limaonetsa nambala yoperewera pang'ono pa yolembedwayo, ndipo pamenepo palibe chodandaulitsa.

Onetsetsaninso kuti nambala yomwe munawerenga ndi ya pokhetsa. Anthu ambiri amaika batire lomwe linali pa theka, n'kuliyang'ana likudzaza, n'kutenga nambala ya mAh yomwe yalowa ngati kukula kwa batire. Imeneyo imangonena kuchuluka kwa moto womwe unasowa, osati womwe batire lingasunge.

Kuti muyeze mokhulupirika, pukutani mitu ya mabatire ndi tizitsulo ta tchaja, muwadzaze, muwasiye apume kwa ola limodzi, kenako muwakhetse pa 500mA m'chipinda chosazizira kwambiri, chifukwa batire lozizira limapereka zochepa. Mukamaliza, asinthanitseni malo m'tchajamo n'kubwereza. Mbali imeneyi anthu amailumpha chifukwa imadya tsiku lathunthu, koma ndi yomwe imaulula zoona. Ngati 2380 uja watsatira batire kumalo atsopano, vuto ndi batire. Ngati watsalira pamalo pomwepo, vuto ndi sipuling'i ya tchaja. Pokhetsa, tchaja imasandutsa moto wonsewo kukhala kutentha, choncho iikeni pamalo olimba, osati pabedi kapena pampando wa nsalu, ndipo musachoke panyumba ikugwira ntchito.

Tiyerekeze kuti nambala zanu zaima momwemo. Ndiye kuti batire lina latsala ndi 90 peresenti, linzake 79 peresenti. Amisiri ambiri amati batire likatsika pansi pa 80 peresenti ntchito yolemera lamaliza. Izi sizodabwitsa: datasheet ya Samsung 30Q imangolonjeza pafupifupi 60 peresenti likadzazidwa ndi kukhetsedwa maulendo 250 pa maampu 15, pomwe anuwo adutsa maulendo 500, ngakhale kuti si ulendo uliwonse womwe munawakhetsa mpaka pansi. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kusiyana kwa 330mAh. Mamodi ambiri a mabatire awiri amawalumikiza mondondozana, mutu wa lina kutsinde kwa linzake, kotero maampu odutsa mwa onse awiri ndi ofanana. Lofookalo limafika pansi msanga, modi n'kuzima, lamphamvulo likadali ndi moto. Tsiku lililonse lofookalo limapanikizika kuposa linzake, ndipo mpatawo umangokulirakulira. Ichi n'chifukwa chake mabatire a modi yotere amagulidwa limodzi, amatchajidwa limodzi, amagwira ntchito limodzi, ndipo salowetsedwa m'chida china palokhapalokha. Musagule limodzi latsopano kuti likhale ndi la 2710 lija. Gulani awiri.

Koma mAh sakufotokozabe chifukwa chomwe modi imadandaulira moto uli pa theka. Apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Batire lililonse lili ndi resistance yake ya mkati, ndiye kuti nalo limakaniza pang'ono magetsi kutuluka, ndipo likamakalamba kukanizako kumakula. Lili ngati mgolo wamadzi wokhala ndi mpopi pansi: mAh ndi kuchuluka kwa madzi, resistance ndi dzimbiri lomwe likutseka mpopiwo. Tchaja inatunga modontheza ndi kapu n'kupeza kuti madzi alimo ambiri. Modi imafuna kudzaza ndowa kamodzin'kamodzi.

Tiwerengere. Pa modi ya chip, maampu omwe batire limapereka satengera ohm ya koyilo, amatengera mawati. Mawati 70 pa mabatire awiri ndi mawati 35 batire lililonse. Gawani 35 ndi mavoti otsika omwe modi imalola, tinene 3.2, kenako mugawenso ndi 0.9 chifukwa chip nayo imadyako pang'ono. Mupeza maampu pafupifupi 12. Batire labwino la resistance ya 0.025 ohm likamapereka maampu 12 limagwa ndi mavoti 0.3. Lili pa theka, pa 3.7, limatsikira pa 3.4 mukadina batani, ndipo modi siiona vuto. Lokalamba lomwe lafika pa 0.06 ohm limagwa ndi mavoti oposa 0.7, kuchoka pa 3.7 kufika pansi pa 3.0, ndipo pomwepo modi imakana. Mukasiya batani, voteji imadumphira m'mwamba, kachizindikiro n'kuonetsanso theka ngati palibe chachitika. Batire lomwelo pa tchaja, pa theka la ampu, limagwa ndi 0.03 yokha, n'chifukwa chake tchaja inalipatsa chiphaso. Moto wotayikawo sikuti umangosowa: umasanduka kutentha m'kati mwa batire, mawati oposa 8 pa lokalambalo poyerekeza ndi osakwana 4 pa labwino. Ngati mwaona kuti batire lina limatuluka m'modi lili lofunda kuposa linzake, ndi lomwelo.

Kuyeza resistance ya mkati ndi tchaja n'kotheka, koma nambala yake musaidalire kwambiri. Sipuling'i ndi tizitsulo ta tchaja timawonjezera resistance yathuyathu, nthawi zina yoposa ya batire, ndipo mukangolitembenuza batire pamalo pomwepo nambala imasintha. Igwiritseni ntchito poyerekeza mabatire awiri pamalo amodzi, mutakanikiza mofanana. Mita ya mawaya anayi, monga YR1035+, imapereka nambala yokhazikika, ndipo imayeza pa 1kHz monga momwe madatasheet amachitira. Dziwani kuti nambala ya 1kHz imakhala yotsikirapo kuyerekeza ndi resistance yomwe batire limaonetsa likamakoka katundu weniweni, ndiye musasakanize ziwirizi. Ngati mulibe mita, mamodi ena amaonetsa voteji ya batire lililonse payokha. Dinani batani mukuyang'ana sikirini, muone lomwe likugwa kwambiri. Kuyesa kwina kosafuna chida chodula: adzazeni onse, muwasunge sabata imodzi m'kabokosi kawo, kenako muwayeze voteji ndi multimeter. Labwino limatsika pang'ono chabe kuchoka pa 4.2. Lomwe latsika kwambiri lili chikhalire likudzidya lokha m'kati, ndipo limenelo musalibwezeretsenso m'modi. Musaiwalenso kupukuta tizitsulo ta m'chitseko cha modi: litsiro kapena madzi a vepu omwe anadontherapo amawonjezera resistance yomwe modi imaiwerengera batire.

Posankha atsopano, musayambe ndi mAh. Yambani ndi CDR, maampu omwe batire lingapereke mosalekeza osatentha mopitirira. Mu 18650 simungapeze zonse ziwiri zili pamwamba: Samsung 25R ndi 2500mAh pa maampu 20, Samsung 30Q ndi 3000mAh pa maampu 15, LG HG2 ndi 3000mAh pa maampu 20, Molicel P28A ndi 2800mAh ndipo kampani imati maampu 35, pomwe Panasonic NCR18650GA, lomwe lili pafupi ndi 3500mAh, limalekera pa maampu 10 ndipo malo ake ndi mu tochi kapena njinga yamagetsi. Pa maampu anu 12, ine ndingasankhe la maampu 20 kupita m'mwamba, ngakhale nditataya 200mAh papepala, chifukwa batire losagwa voteji limapereka moto wochuluka modi isanazime. Amene ali ndi modi ya batire limodzi asamale kwambiri: mawati 70 omwewo kwa iye ndi maampu 24. Nambala za "pulse" zomwe makampani ongokutira mabatire a anzawo amalemba, monga 40A kapena 50A, zisiyeni, chifukwa palibe muyezo umodzi wogwirizana wa mawu amenewo. Ndipo 18650 lolembedwa 5000mAh kapena 9900mAh ndi bodza lamkunkhuniza. Lenileni limalemera magalamu 45 mpaka 48, ndipo achinyengo ambiri amapepuka mukawaika pasikelo.

Mwina mungafune kudziwa kuti awiri atsopano angakufikitseni pati. Batire la 3000mAh pa mavoti 3.6 lili ndi 10.8Wh, awiri 21.6Wh. Chotsanipo gawo lomwe modi siifikako ndi lomwe chip imadya, tinene mwatsala ndi 15Wh. Kukoka kumodzi kwa masekondi atatu pa mawati 70 kumadya 0.058Wh. Ndiye kuti mukoka maulendo pafupifupi 260. Pa mawati 40 mabatire omwewo angakupatseni oposa 400.

Musanataye akalewo kapena kulowetsa atsopano, tengani batire lililonse muliyang'ane poyera. Chitsulo chonse cha thupi lake, kuyambira pansi mpaka m'mphepete mwa mutu, ndi negative. Positive ndi kabatani kapakati kokha, ndipo chowalekanitsa ndi kamkombero kopyapyala kokhala pansi pa pulasitiki wokutira. Yendetsani chikhadabo m'mphepete mwa mutuwo. Mukamva kokanda, kapena mukaona kachitsulo kakunyezimira pomwe pulasitiki wang'ambika ngakhale pang'ono ngati kambewu ka mpiru, batirelo lisalowe m'modi mpaka litakutidwanso. Lopindika kapena lophwanyika mutu ndi lotaya. Lipoti la U.S. Fire Administration la 2017 linawerenga ngozi 195 za kuphulika kapena kuyaka kwa mavepu ku America pakati pa 2009 ndi 2016, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu zinachitikira m'thumba la chovala. Batire losavala likakumana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, moto wake suchedwa. Akalewo amateni tepi kumitu yonse iwiri, muwapereke kumalo olandira mabatire akutha, osati m'bini ya zinyalala.

Za TC

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti mu thanki mulibe choyezera kutentha. Modi siimva kutentha kwa koyilo, imangokuyerekeza. Zitsulo zina zikamatentha resistance yawo imakwera motsata muyezo wodziwika, womwe amautcha TCR. Modi imasunga resistance ya koyilo yozizira, ndipo mukadina batani imayeza mobwerezabwereza mmene resistance ikukwerera, n'kuwerengera kuti waya wafika pa madigiri angati. Akafika pomwe munaika, imachepetsa mawati. Njira imeneyi inafala ndi chip ya DNA 40 ya kampani ya Evolv ya ku Ohio mu 2014, ndipo panthawiyo inkagwira ndi waya wa nickel wa Ni200 yekha. Panali chifukwa chake: TCR ya Ni200 ndi pafupifupi 0.006, yaikulu, yosavuta kuiwerenga. Ya titanium ili cha pa 0.0035. Ya SS316L yomwe inu mukugwiritsa ntchito ili cha pa 0.00092 basi. Waya wa Kanthal sasintha n'komwe moti modi ingamuwerenge, ndipo nichrome amasintha pang'ono kwambiri.

Taonani zomwe nambala yaing'onoyo ikutanthauza pa koyilo yanu. Pa madigiri 20 ili pa 0.250 ohm. Kuti ifike pa madigiri 230, ikwera ndi madigiri 210, ndipo resistance ifika pa 0.298 ohm. Ulendo wonsewo, kuchoka pozizira kufika pa nthunzi, ndi 0.048 ohm yokha. Ndiye kuti 0.001 ohm iliyonse ikuimira madigiri oposa anayi. Modi ikasokonezeka ndi 0.005 ohm, yomwe pa sikirini ya manambala awiri simungaione n'komwe, kutentha kwasokonekera ndi madigiri oposa 20. Koyilo ya Ni200 ya 0.10 ohm pa ulendo womwewo imakwera ndi 0.126 ohm, ndiye cholakwika chomwecho chimaipweteka pang'ono. SS316L ndi waya wabwino, koma sakhululuka.

Choyambitsa chomwe ndikuchikayikira kwambiri pa vuto lanu ndi kutseka resistance koyilo ili yofunda. Zimachitika chonchi: mwakoka, mwamasula thanki kuti muthire madzi, mwabwezeretsa, modi yafunsa ngati koyilo ndi yatsopano, inu mwavomera. Koyilo inali pa madigiri 50, pa 0.257 ohm, koma modi yalemba kuti kumeneko ndiko kuzizira kwake. Tsopano mukaika 230, modi idikira kuti resistance ifike pa 0.307 ohm, ndipo kuti waya wanu afike pamenepo amakhala ali pa madigiri pafupifupi 266. Thonje lipserera, sikirini ikulembabe 230. Tsiku la nthunzi yoperewera ndi mbali ina ya vuto lomwelo. Resistance inatsekedwa pa 0.250, kenako sikuluu ina yogwira mwendo wa koyilo yakhwefuka pang'ono, kapena pini ya 510, polumikizira thanki ndi modi, yadetsedwa, ndipo njira yonse yakwera kufika pa 0.270 koyilo isanatenthe n'komwe. Modi ikuona ngati mwayamba kale pa madigiri oposa 100, ndiye imadula mawati msanga.

Masulani thanki muyang'ane m'kadzenje ka 510 pa modi. Kawirikawiri mupezamo kamadzi kofiirira komatamata, ndi kadothi kakuda pa pini ndi m'mazinga. Pukutani ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl alcohol mpaka kathonjeko katuluke koyera, muchitenso chimodzimodzi kupini ya thanki. Kanikizani pini ya modi ndi chotokosera m'mano muone ngati ikubwerera yokha. Mangani masikuluu a koyilo, muitenthetse pang'ono, muisiye izizire, kenako muwamangenso, chifukwa waya akatentha koyamba amakhazikika ndipo sikuluu imatsala yokhwefuka. Mukatero, siyani modi ndi thanki pamalo amodzi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo osadina batani, mulumikize, muwerenge resistance. Masulani, mulumikizenso, muwerengenso. Ngati nambala ikubwera yomweyo, itsekeni. Kuyambira pamenepo modi ikafunsa ngati koyilo ndi yatsopano pomwe simunasinthe, muzikana.

Kenako TCR. Mamodi amailemba mosiyana: 0.00092 ina imalemba 92, ina 0092, ina 920, choncho onani kabuku ka modi yanu. Malo olembedwa SS pa modi zina anakonzedwera SS304, yomwe TCR yake ili cha pa 0.00105. Mukaika waya wa SS316L pamenepo, modi idikira kukwera komwe waya wanu amakufika mochedwa, ndipo 230 ya pasikirini imakhala pafupifupi 260. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: TCR yoikidwa pamwamba kuposa ya waya imatenthetsa, yoikidwa pansi imaziziritsa. Mukasokoneza kwambiri, monga kuika Ni pa waya wa SS, modi siiona malire n'komwe, ndipo imapsereza kapena imabwerera yokha ku mawati. Ngati modi yanu ili ndi malo oikapo TCR nokha, yambani ndi 92. Machip a DNA amagwiritsa ntchito mndandanda wa manambala m'malo mwa nambala imodzi, chifukwa waya sakwera mofanana pa madigiri onse, ndipo mndandandawo umalowetsedwa kudzera mu pulogalamu ya pakompyuta ya EScribe.

Palinso kachinthu kena komwe anthu ochepa amakaganizira. Resistance yomwe modi imawerenga si ya koyilo yokha, ikuphatikiza tizitsulo togwira koyilo, pini ndi mazinga. Zimenezi sizitentha ngati koyilo, choncho sizikwera, koma modi imaziwerengera ngati zikwera. Thanki yowonjezera 0.02 ohm pa koyilo ya 0.25 imapangitsa 230 kukhala pafupifupi 247. Pachifukwa chimenechi, TC ya SS316L imayenda bwino pa koyilo ya resistance yokwererapo, monga 0.4 kapena 0.5 ohm, chifukwa zolakwika zomwezo zimachepa mphamvu. Mungathenso kutsitsa TCR pang'ono pa thanki imeneyo yokha.

Mungadziwe bwanji kuti zakhala bwino? Pali kuyesa kuwiri. Koyamba n'kwa madzi, ndipo kumafuna modi yoonetsa madigiri pomwe mukudina. Ikani thonje latsopano, mulinyowetse kwambiri ndi madzi oyera, muike mawati otsika, mudine. Madzi akamawira sadutsa madigiri 100, ndiye nambala iyenera kukwera n'kuima chapafupi ndi pamenepo kufikira thonje litayamba kuuma. Ngati yaima pa 80 madzi akuwira, modi ikuwerenga kutentha kochepa kuposa kwenikweni, tsitsani TCR. Ngati yaima pa 130, ikwezeni. Kumalo okwera madzi amawira msanga, pafupifupi madigiri 97 pa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Kwachiwiri n'kwa thonje louma: ikani madigiri 215, mawati otsika, mudine masekondi angapo kangapo, kenako mutulutse thonjelo. Liyenera kutuluka loyera kapena lofiirira pang'ono pomwe linakhudza waya. Likatuluka lakuda, koyilo ikutentha kuposa zomwe sikirini ikunena.

Thonjelo likakhala ndi kadontho kamodzi kakuda kwina konse kuli koyera, vuto si TCR koma kapangidwe ka koyilo. Modi imawerenga resistance ya waya yense pamodzi. Ngati mwendo umodzi kapena mkombero umodzi ukutentha kwambiri pomwe ina ili yozizira, modi imangoona zapakatikati n'kumati zonse zili bwino. Mikombero yotalikirana pang'ono, yosakhudzana, imathandiza, chifukwa yokhudzana imasintha resistance ikamafutukuka ndi kutentha. Samalaninso ndi makoyilo opota, omwe m'kati muli SS koma kunja anakulunga nichrome, komanso makoyilo ogula okonzeratu, omwe ambiri ndi Kanthal kapena nichrome ngakhale modi ili ndi TC. Werengani zolembedwa pathupi la koyilo.

Mawati mu TC sanathe ntchito. Ndi omwe amanena kuti koyilo ifike msanga bwanji pa malire. Mukaika ochepa kwambiri, koyilo siifika n'komwe pa madigiri omwe munaika, ndipo mumangokhala ngati muli pa mawati wamba ofooka. Mukaika ochuluka kwambiri, imadumpha malire, modi n'kudula mwadzidzidzi, nthunzi n'kumabwera modukizadukiza. Yambani ndi mawati omwe koyiloyo mumaikonda nawo kunja kwa TC, muonjezereko pang'ono. Machip ena a YiHi amalemba ma joule pamalo pamenepa, koma ntchito yake ndi yomweyo. Madigiri yambani pa 200, muzikwera asanuasanu. Ambiri amakhazikika pakati pa 200 ndi 250, ngakhale modi imalola kuyambira 100 mpaka 315. Madzi a vepu amapangidwa ndi PG (propylene glycol) ndi VG (glycerin). PG imawira pa madigiri 188 ndipo VG pa 290, choncho madzi ochuluka VG amafuna kukwezako pang'ono. Apa mabatire anu akale akubweranso: batire logwa voteji silingapereke mawati oyambira aja, ndiye masiku ena a nthunzi yoperewera mwina sanali a TC konse. Konzani za mabatire kaye musanayambe kusintha TCR, kupanda kutero muzithamangitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Maganizo anga ndi akuti TC yokonzedwa bwino siyenera kumveka pokoka mwa masiku onse. Ntchito yake ndi kudikira nthawi yomwe thonje lauma, n'kudula moto musanakoke zopserera. Zopsererazo si nkhani ya kukoma kokha. PG ndi VG zikatenthedwa mopitirira zimasweka n'kutulutsa formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein. Mu Januwale 2015, ofufuza a ku Portland State University analemba mu New England Journal of Medicine kuti anapeza mankhwala otulutsa formaldehyde ochuluka pa mavoti 5.0, koma sanawapeze pa mavoti 3.3. Ena anatsutsa kuti palibe munthu angapirire kukoka nthunzi yopserera chotero, koma mbali zonse zikugwirizana kuti kutentha kopitirira ndi komwe kumabala mankhwalawo. TC imachepetsa mbali imeneyo yokha. Chikonga chilipobe, ndipo mapapo akulandirabe zomwe sanapangidwire.

Mukadzafuna kuyesa mawaya ena, Ni200 ndi titanium ndi a TC yokha. Musawaike pa mawati wamba, ndipo musawayatse mpaka kufiira pofuna kuyeretsa, chifukwa titanium amachita chikungu choyera cha oxide ndipo waya wopyapyala angathe kuyaka. Amene thupi lawo limadana ndi nickel adziwe kuti SS316L nayenso ali ndi nickel, pakati pa 10 ndi 14 peresenti. Ubwino wa SS316L ndi wakuti amagwira konsekonse. Ngati mwapukuta, mwamanga, mwadikira kuti zizizire, koma resistance ikudumphabe ndi 0.01 ohm nthawi iliyonse mukamasula thanki n'kubwezeretsa, ndiye kuti thanki imeneyo kapena 510 ya modiyo siyokhazikika mokwanira pa TC. Koyilo yomweyo ibwezereni ku mawati, muzionetsetsa kuti thonje ndi lonyowa, ndipo TC mudzaiyesenso pa thanki ina.